Chikho cha a Casimir

Masewero a besibo, omenya mpira ndi ndodo aja, atafika gawo lachisanu ndi chiwiri, a Casimir Wrobel anapempha kuti awakwezere pilo. Akazi awo, mayi Loretta, anawadzutsa pang'ono n'kubwerera pampando wawo wa masiku onse, pakamwa pafupi ndi khutu la kumanzere la amunawo.

Khutu lomva linatsala limenelo basi. Linalo linathera ku fakitale ya zitsulo, maso anapita ndi matenda a shuga. Mawu a wailesi yakanema ankangowamvekera ngati njuchi m'chitini, choncho ankawazimitsa, mayi Loretta n'kumafotokoza okha zochitika pabwalo. Mayiwo besibo sankaikonda n'komwe. Anaiphunzira poti wina woti awauze amuna awo panalibe.

"Atiposa ndi chigoli chimodzi," anatero. "Woponya wawo wandevu uja wabweranso."

A Casimir anatukwana ndevuzo ndi mwini wake yemwe.

Chibadwire chawo, mzindawu unali usanaonepo chikho. M'chilimwe ankalira ndi besibo, m'nyengo ya chipale ankalira ndi mpira wina umene osewera ake amagundana, ndipo matimu onse awiri anali ndi luso limodzi: kufika pakhomo penipeni n'kupunthwa. Chaka china mpira unapulumuka m'manja mwa munthu amene anali asanagwetsepo mpira. Chaka china, m'chipale chofika m'maondo, womenya anaphonya pagolo ndi kadanga kochepa ngati chikhatho, a Casimir n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba ataiwala galimoto ku bwalo. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono ya mumzinda umenewu inaika anthu ambiri m'manda isanatulutse mutu. Bambo awo anamwalira akunena kuti chaka chamawa. Mkulu wawo, Tadeusz, anamuika atavala chipewa cha timu.

Iwo anakana kupita chotero. Dokotala anawapatsa miyezi yochepa, koma panadutsa zaka. Wansembe anabwera kawiri ndi mafuta odzozera odwala, kawiri konse anamubweza pakhomo, amvekere sakupita kulikonse chikho chisanalowe mumzinda. Anthu ankaseka. A Casimir sankanena nthabwala, ndipo thupi lawo, lomwe linangotsala mafupa, linkaoneka kuti likuwamvera.

Lero anali masewero otsiriza, wopambana atenga chikho. M'mawa anapempha kuti awamete ndevu ndi kuwasitira suti yakuda.

"Akapambana lero ndamasuka, Loretta," anatero. "Ndatopa, mayi. Muitane wansembe uja, ulendo uno sindimubweza."

Mayi Loretta anangowauza kuti msuzi ukuzizira. A Casimir sanaumwe.

Panalinso china chimene a Casimir sankauza munthu. Tsiku la masewero akuluakulu, m'chipindamo simunkakhala anthu awiri okha. Ankamva fungo la fodya wa bambo awo kumiyendo kwa bedi, ndi chifuwa cha Tadeusz chapafupi ndi kabati ya zovala. Akufa aja ankabwera kudzadikira nawo. Timu ikagonja ankausa moyo onse pamodzi n'kuchoka mmodzimmodzi. Masana amenewa anadzaza chipinda, moti a Casimir ankachita mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi, podziwa kuti abwera kudzawatenga.

Gawo lomaliza linafika zinthu zili chomwecho. Mayi Loretta anati omenya awiri atuluka kale, wachitatu akatuluka masewero atha, mmodzi waima pangodya yoyamba ya bwalo, ndipo ndodo ili m'manja mwa kamnyamata katsopano kaja, kamene a Casimir ankakanena kuti sikangamenye ngakhale dzungu. Kakaphonya katatu, zatha. Kakaumenya mpira n'kuudumphitsa mpanda, ndiye zigoli ziwiri, chikho chalowa.

Kanaphonya koyamba. Kanaphonyanso kachiwiri. A Casimir anafufuza dzanja la akazi awo pabulangete n'kuligwira.

"Wamenya," anatero mayi Loretta, mawu atasintha. "Ukukwera. Ukupita kumpanda. Wina akuuthamangira."

Kenako anangoti zii. Dzanja lawo linafinya la amuna awo mpaka kupweteka. Mpweya wawo unkamveka pakhutupo, wotentha, koma mawu osatuluka.

"Loretta, lankhulani. Mukufuna ndife osamva?"

"Wauwakha," anatero motsitsa. "Pampanda penipeni wauwakha. Pepani, bambo."

A Casimir analira ngati mwana, osabisa. Zinawawa kuposa zaka zonse zija, chifukwa ulendo uno anali atatsanzika kale mumtima. Atatopa n'kulira anayamba kukalipa. Anakalipira kamnyamata kaja, mphunzitsi wa timu, mphepo ya pabwalo, ndi agogo awo amene anawoloka nyanja yonse n'kudzasankha mzinda watsoka ngati uno. Ali mkati mokalipa anazindikira kuti fungo la fodya latha. Akufa aja anali atachoka onse kamodzi, popanda wousa moyo ngakhale mmodzi. Zimenezo zinali zisanachitikepo.

 Kenako anafunsa kuti Lamulungu anyamata a mpira wogundana akusewera ndi ndani. Atauzidwa, anati timu imeneyo ndi yosavuta, bola otchinga kumbuyo asagone.

"Suti ija ibwezeni m'kabati," anatero. "Ndipo mutenthetse msuzi uja. Mundipirirebe, mayi, mpaka chaka chamawa."

"Ndinakupirirani muli ndi mano, ndingalephere lero?"

Anawagoneka chammbali, nkhope kukhoma, n'kuwafunditsa bwino. Kenako anapita msangamsanga kukatseka zenera. Kunja mabelu a matchalitchi onse anali atayamba kulira, magalimoto akuliza mahutala, anthu osadziwana akukumbatirana pakati pa msewu. Mpira uja unali utadutsadi pamwamba pa mpanda, koma mayi Loretta anali asanakonzeke kutsala okha m'nyumbamo.