Njerewere ya pa chala chachikulu

"Musagwedeze dzanja, uyu ndi womaliza," anatero namwino, akubaya mayi wina woluka tsitsi jakisoni m'mbali mwa chikhadabo, pomwe panali njerewere.

Mayiyo analuma mano. Njerewere imeneyi anakula nayo, ndipo mankhwala opaka onse anailephera. Kusaluni makasitomala akaiona ankakwinya nkhope, ena osabweranso. Koma jakisoni anaigonjetsa, chala n'kusalala ngati cha khanda.

Atachira anapita kukaona bambo ake. Maso awo anafa kalekale, ndipo mutu unali utayamba kutaya mayina a anthu. Komabe nthawi zonse akamugwira dzanja ankasisita chala chachikulucho n'kuseka: "Wabwera Nanjerewere wanga."

Tsikulo anasisita, n'kusisitanso. Kenako analisiya dzanjalo mwaulemu, n'kukonza kolala ya malaya awo.

"Ndine, bambo. Mwana wanu."

"Mwachita bwino kudzandiona, mayi," anatero mkuluyo ndi mawu olandirira alendo. "Mukakumana naye mwana wanga, mumuuze kuti ndikumudikira. Simungamusowe ayi, ali ndi njerewere pa chala."