Musi wa Malemu Mayi

Chibwerereni lamulo loti mtengo usadulidwenso, ngakhale kanthambi, matabwa anasowa ngati mvula ya Okutobala. Tsono besibo, mpira womenya ndi chibonga uja, inali itapenga dziko lonse, kuyambira ku Japan mpaka m'mudzi muno, ndipo chibonga chapulasitiki sichinkaloledwa.

Nachisale anapeza mwana wake Tiyanjane akuuyang'anitsitsa musi wa pakona.

"Iwe, chotsa maso amenewo!"

"Amayi, timu ikupita ku Cuba, wopanda chibonga atsala. Musiwu mumasinjira chani? Mumangoupukuta fumbi ngati galasi."

Sankanama mwanayo. Mtondo unadyedwa ndi chiswe kalekale. Koma musi wa mlombwa uja unali ndi malo osalala pomwe malemu mayi ake a Nachisale ankagwira, ndipo akawasowa ankaikapo dzanja.

Madzulo ake Nachisale anaupereka musiwo. "Mmisiri asende konseko, koma pogwirira apa asakhudze. Akakhudza, ndikamusenda iyeyo."

Tsiku la masewero anthu anadzaza pakhonde, kuonera pafoni imodzi. Nachisale sankamvetsa kuti anawo akuthamangiranji popanda wowathamangitsa. Kenako Tiyanjane anazunguza chibonga chija.

Thi!

Mpira unatuluka m'bwalo, anthu n'kukuwa. Nachisale sanauone n'komwe. Kulira kumeneko ankakudziwa: m'mawa kuseri kwa nkhokwe, iye ali kamtsikana, akuthamangitsa nkhuku pamphale.

"Tabwezani pamenepo."

"Mukufuna muonenso mpirawo, Anachisale?"

"Mpira wa chani? Ndimvenso amayi akusinja."