Azaliya Safuna Phulusa

A Levison anali atapendeketsa kale chidebe cha phulusa pamwamba pa dzenje pamene akazi awo, a Olive, anawagwira dzanja.

"Musathire, bambo."

"Phulusa ndi chakudya cha nthaka," anatero a Levison. "Nazale ya fodya timayamba taitentha, mbande n'kumera bwino."

"Uyu si fodya. Azaliya amafuna dothi lowawasa, la masamba owola, ngati la kwathu. Phulusa limamupha. Ndipo padzuwa pano angopsa."

Kamtengo ka maluwaka a Olive anali atabwera nako dzulo lake kuchokera ku Mulanje, kumaliro a mayi awo, mizu itakulungidwa m'kansalu konyowa. Chikwama chawo chinali chikadali pakhonde, chosamasula. Abale anali atawapempha kuti abwerere akasunge nyumba ya malemuwo, ndipo iwo anali asanayankhe.

A Levison anatula chidebe. Anayang'ana bwalo lawo la ku Chulu, lopanda mthunzi, kenako mtengo wa mango wa kuseri kwa chigafa, pomwe ankakhala akamasoka fodya. Anachotsa mpando wawo n'kukumba pomwepo. A Olive anatola masamba owola n'kuwayala m'dzenjemo, kenako n'kuikamo kamtengo kaja.

"Amachita maluwa liti?" anafunsa a Levison.

"Mu Seputembala, mvula isanagwe."

"Ndi kutalitu." Anaponya maso pa chikwama chija. "Mudzakhala muli kuno?"

A Olive anatsendera dothi ndi zikhatho zawo, osadzutsa mutu.

"Ndikachoka inu mumuthira phulusa. Kanditungireni madzi."