Lenzi Yokoka Zakutali

"Ndati yaitaliyo, ankolo."

"Ine ndati ayi. Yaitali si ya wophunzira."

Mtsikanayo anagogoda kauntala ndi zala zonse zisanu. Aka kanali kachitatu mlungu umenewo kulowa m'shopu ya makamera akale, ndipo maulendo onsewo, eni shopuyo, a Kajambula, ankamukankhira kalenzi kakafupi, konenepa ngati kapu. Iye maso anali m'kabati yagalasi, pa lenzi yaitali ngati mkono, yokoka zakutali.

Anali atangomaliza sukulu. Kamera anali nayo, yopatsidwa ndi aphunzitsi ake akale, koma yopanda diso. Akanatha kutenga lenzi imodzi yokha, ndipo ukwati umene ankafuna kukajambula unali mawa lake.

"Tamvera," anatero a Kajambula. "Ine ndajambula maukwati, mipira, mapiri, mpaka imvi izi. Woyamba kumene amafunika lenzi yaifupi, batire lapadera ndi nsapato zosathina. Chithunzi chimajambulidwa ndi miyendo. Umayandikira mpaka thukuta la ovina likuthonyere, ndiye n'kudina."

"Ine sindidzayandikira."

"Udzaima pati?"

"Kutsidya kwa msewu. Pali mtengo moyang'anana ndi geti la holo."

A Kajambula anatsitsira magalasi pamphuno. "Akulemba ganyu eni ukwatiwo?"

"Ayi."

"Akuitana?"

Mtsikanayo anayamba kupota lamba wa kamera pachala, kumasula, kupotanso.

Ohoo. A Kajambula zotere anali ataziona. Nyengo ya maukwati ikafika sipalephera kubwera mmodzi: maso otupa, milomo youma, mtima uli m'malere, kufuna kudzionera yekha mnyamata wake atavalira wina suti. Anapukusa mutu, natsegula kabati. Anamanga lenzi ija pa kamera n'kumupatsira.

"Chabwino, katswiri. Mjambule wosoka nsapato uyo, kutsidyako."

Chinthucho chinali cholemera kuposa m'mene chinkaonekera. Mtsikanayo anachikweza, natsinzina diso limodzi. Msewu wonse unamulumphira pamaso: tayala la njinga, chikwangwani, chipewa cha wosoka nsapato chikuvina uku ndi uku. Anadina. Pakagalasi kakumbuyo panatuluka utsi wokhawokha.

"Waona? Lenzi yaitali ikamakuza zakutali, imakuzanso kunjenjemera kwa mwini wake. Apa ukunjenjemera chonchi ndi munthu amene sukumudziwa. Nanga mawa?"

Mtsikanayo anatsamira zigongono pa kauntala, nagwira mpweya. Ulendo wachiwiri anakola khutu lokha. Wachitatu, phewa. Kunja anthu anali atayamba kuweruka, mithunzi ikutalika, ndipo oyandikana nawo ankakoka kale zitseko zachitsulo. Wachisanu nkhope inabwera yonse, yoima nji, mpaka makwinya a pamphumi ndi ulusi umene unali pakamwa.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Munthu wa kutali chonchija, n'kukhala pafupi ngati ungamupukute thukuta!

"Ankolo, anthu akatsika m'galimoto, amaima nthawi yaitali bwanji pageti?"

"Kuphethira kuwiri. Kenako azimayi a nthungululu awazinga, iwe uzidzajambula mipango ya kumutu."

"Kuwiri kwakwana."

"Dzuwa likadzakhala kumaso kwako?"

"Ndapitako kale. M'mawa limakhala kumbuyo kwa mtengo."

A Kajambula anakhala pampando, makiyi a shopu ali m'manja. Mwana wanzeru chonchi, woyeza ndi dzuwa lomwe, n'kumathera nzeru pa munthu woti wapita kale. Chinawawawa.

"Mwana wanga, ndikuuze ngati kholo. Tenga yaifupiyi, ikudyetsa zaka ndi zaka. Yaitaliyo mawa likadutsa udzangoisunga pansi pa bedi. Ndipo chithunzi cha ameneyo udzatani nacho? Kuchiika pansi pa pilo? Anyamata ali mbwee, ena abwino kuposa pamenepo. Mkwati wa eni, mleke apite."

Mtsikanayo anakumbatira kamera pachifuwa, lenzi italoza pansi.

"Mkwatiyo sindikumudziwa n'komwe, ankolo. Ndikufuna amene adzamugwire dzanja mkwatibwi polowa. Amayi angondiuza Lamlungu lapitali kuti ndi bambo anga. Ndingofuna nkhope yawo, kamodzi kokha, yosagwedera."