Kompyuta ya Ilinca Inakhala Mphindi Makumi Anayi

Panali bambo wina mumzinda wa Iași, dzina lake Dorin, woyendetsa basi. Akuti nkhaniyi ndi yoona, anaifotokoza ndi mnzake wa kuntchito.

Dorin anali ndi mwana mmodzi, Ilinca, wa zaka khumi ndi ziwiri. Anzake anayi a m'kalasi ankasewera gemu ya pa intaneti yofuna anthu asanu, ndipo anamuuza kuti amusungira malo achisanuwo ngati apeza kompyuta mwezi wa Julayi usanathe. Bambo ake atamva anati: "Pa tsiku la Eliya Woyera, pa 20 Julayi, tsiku lokondwerera dzina lako, kompyuta idzakhala patebulo pako."

Anali atasunga ndalama zokwana malei 3,500. Kompyuta yatunthu ya m'sitolo inali yodula, choncho anaganiza zogula zipangizo chimodzichimodzi n'kulumikiza yekha. Analemba mndandanda n'kupita nawo kwa mlamu wake Raluca, mayi wokonza makompyuta m'kashopu kena pafupi ndi msika.

Raluca anawerenga pepalalo kawiri.

"Alamu, khadi ya zithunzi ya malei 1,900. Mafani oziziritsira asanu oyaka mitundumitundu. Mukumanga kompyuta kapena holo ya dansi? Nanga kabokosi kogawa magetsi kali pati?"

"Ndakapeza pa intaneti, malei 80 okha. Kalembedwa kuti mphamvu yake ndi mawati 700."

"Inenso ndikhoza kulemba 700 pamphumi pangapa. Kabokosi kameneko ndi kamene kamadyetsa zipangizo zonse m'katimo. Tengani khadi yocheperako, siyani nyalizo, mugule kabokosi ka malei 350 kokhala ndi chitsimikizo cha sitolo."

"Mwana akamasewera amaona zithunzi. Kabokosi akaona liti?"

"Tsiku limene kadzanunkhe."

Dorin anaseka n'kupinda pepala lake. "Akatswiri inu, munthu akangotsokomola mumati agule bokosi la maliro."

Loweruka anakumana ndi wogulitsa kabokosi wa pa intaneti uja pamalo oimika magalimoto kuseri kwa sitolo yaikulu. Munthuyo anatsegula buti ya galimoto, m'menemo muli timabokosi tambirimbiri.

"Bwana, magetsi ndi magetsi," anatero. "Todulato mumangolipira dzina. Ndagulitsa makumi asanu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera."

Dorin atanyamula kamodzi anaona kuti n'kopepuka ngati mulibe kanthu. Panalibe lisiti, panalibe dzina la kampani. Anazengereza pang'ono, koma anakumbukira kuti Ilinca anali atauza kale anzake dzina la khadi yaikulu ija. Analipira.

Lamlungu lonse anakhala pansi m'chipinda chochezera, sikuludiraiva m'manja, vidiyo yophunzitsa ili pafoni. Atadina batani, mafani anazungulira, nyali zinayaka. Anajambula chithunzi n'kutumizira Raluca ndi mawu akuti: "Holo ya dansi yatsegulidwa."

Tsiku la dzina la Ilinca kunatentha kwambiri. Atatha kudya keke, mtsikanayo anakhala pampando, anavala zomvera m'makutu n'kufuula: "Ndalowa! Mukundimva? Ndalowa!" Dorin anaima pakhomo la chipinda, mbale ili m'manja. Gemuyo sankaimvetsa. Ankangoyang'ana nkhope ya mwana wake.

Patatha mphindi makumi anayi, nkhondo ya m'gemumo itafika pachimake, khadi ija inayamba kukoka magetsi ambiri. Kunamveka kuti phwaa! Sikirini inada. Magetsi a m'nyumba monse anazima, ndipo m'chipindamo munadzaza fungo la pulasitiki yopsa.

Ilinca anavula zomvera zija pang'onopang'ono. "Ababa, ndadina cholakwika?"

"Ayi mwanangu. Si iwe."

M'mawa mwake Dorin ananyamula kompyutayo kupita nayo kwa Raluca. Raluca anachotsa kabokosi kopsako, analumikiza kake, n'kuyamba kuyesa chipangizo chilichonse pachokha. Khadi ya zithunzi inali itapsa. Bolodi lalikulu lomwe zonse zimalumikizidwapo linali litapsanso. Mafani okha ndi amene anazungulira, nyali zawo zikusinthasintha mitundu.

"Holo yanu yapulumuka," anatero Raluca. Atamuyang'ana kumaso anasiya nthabwalazo. "Khalani pansi, alamu. Ndikupangireni khofi."

Kusitolo kumene anagula khadi anaiyang'ana n'kunena kuti chitsimikizo sichikhudza chinthu chotenthedwa ndi chipangizo china. Nambala ya wogulitsa wa m'buti uja sinkapezekanso.

Madzulo Dorin anafotokozera mwana wake zonse, osabisa kuti azakhali ake a mwanayo, a Raluca, anamuchenjeza. Ilinca sanalire. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatenga foni n'kulembera anzake aja kuti: "Pezani wina wachisanu." Pasanathe ola anali atamupeza.

Dorin anayambanso kusunga. Malipiro otsatira atalowa, chinthu choyamba chimene anagula chinali kabokosi ka magetsi ka malei 350. Pakali pano kali pamwamba pa kabati, m'katoni yake yosatsegula. Ilinca ndi amene akulemba mndandanda watsopano, ndipo asanaonjezerepo kanthu amayamba wawaimbira azakhali ake.

Phunziro: Pogula zipangizo za kompyuta ndi ndalama zochepa, musathere ndalama pa zooneka n'kunyozera chimene chimagawa magetsi, chifukwa chikapsa sichipsa chokha. Mverani wodziwa ntchito amene mudzamupezanso mawa, osati mlendo wogulitsira m'buti. Tumizani nkhaniyi kwa kholo lililonse limene lalonjeza mwana kompyuta, lisanapite kukagula.