Chipinda cha Achikulire

"Zatheka! Mafayilo onse atseguka!" anakuwa mayi wa makompyuta, yemwe anali watsopano pa labotale yoyeza madzi.

Palibe anawomba m'manja. Anzake anangoyang'anana.

Makina awo oyezera ankasunga zotsatira m'mafayilo osatseguka mwachisawawa. Kuti atseguke, pankafunika pulogalamu ya kampani imene inapanga makinawo, ndipo kampaniyo inagwa kalekale. Pulogalamuyo inangotsala m'kompyuta imodzi yokalamba, imene onse ankaitcha Achikulire. Poopa kuti ingafe ndi kutentha, abwana anaiikira makina oziziritsa mpweya, okhawo m'nyumba monsemo. Ndiye dzuwa likamaswa mtengo, aliyense ankapeza chifukwa chokazonda Achikulire, mpando wake uli m'manja.

"Manambala onse ndawasamutsa, ali m'mizere wamba," anafotokoza mayiyo monyadira. "Ngakhale pafoni muwerenga. Achikulire apume tsopano."

"Achemwali, zinthu mumayamba mwafunsa," anadandaula mkulu wa oyeza madzi.

Mayiyo anangoseka, poganiza kuti ndi nsanje chabe. Abwana ndiwo anakondwa kwambiri. Anamugwira chanza, kenaka anatola rimoti n'kuzimitsa makina oziziritsa aja.

"Nawonso awa apume. Muno muzisungamo makatoni."

Mawa lake masana mayiyo anali padesiki pake, thukuta lili kamukamu, akudzikupiza ndi chikuto cha buku. Mkulu uja anafika mwakachetechete, kolala itanyowa, n'kuwerama.

"Achemwali," ananong'ona, "poti nzeru muli nazo, mafayilo aja simungawatsekenso?"