Khadi la Njoka M'jekete la Brave

Amake Brave anatsika basi ku Greenwich folo koloko masana, yunifolomu ya kuntchito ili mkati mwa chikhothi, Baibulo m'chikwama, m'mimba mulibe kanthu. Linali tsiku lachitatu akusala kudya. Pambuyo pawo pankabwera Mwila, mayi wa ku Lusaka amene amayambitsa makorasi kutchalitchi kwawo ku Peckham, atavala nsapato zafulati ngati munthu wodziwa kuti kumene akupitako kukhoza kukhala kuthamanga.

Nkhani inayamba ndi jekete. Kwathu mwana akayamba njira zachilendo, umamva kwa oyandikana nawo iye asanafike n'komwe pakhomo. Ku London woyandikana naye sadziwa ngakhale dzina lako, choncho makolo amafunsa matumba. M'thumba la jekete la Brave, mwana wawo yekhayo amene anamutumiza kusukulu ya udokotala, mayiwa anapezamo khadi lakuda. Linali ndi zilembo zitatu zachigiriki, njoka itadzikulunga pandodo, tsiku, malo, ndi mawu akuti mamembala atsopano adzalumbira makandulo akuyaka.

Mwila ataliona anakana n'kuligwira komwe. Anati ku Lusaka zoterezi amazidziwa: amayamba ndi kandulo, kenako amapempha mayi ako. Wina kutchalitchi anayesa kunena kuti njoka yomweyo ili pa ambulansi iliyonse, koma amake Brave anayankha kuti ya pa ambulansi siyang'ana munthu choncho.

Zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akusambitsa nkhalamba za eni ake ku Thamesmead, kuzitembenuza, kuzidyetsa ndi supuni, kuti mwana ameneyu adzatchedwe dokotala. Kwawo ku Ntcheu anayamba kale kumutcha choncho, ndipo azakhali ake amatumiza zithunzi za zidzolo zawo pafoni kuti aziunike. Ndiye Satana abwere kudzakolola pomaliza? Brave yemweyo mayiwa sanamufunse kanthu. Mwana wobadwira kuno ukamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, ndipo Chingerezi chake chimatha ndi kutseka chitseko.

"Ba Gladys, osayopa," anatero Mwila kwa amake Brave m'Chinyanja cha ku Lusaka, ali pamasitepe a holo yolembedwa pakhadi lija. "Tingena, timugwila pa kwanja, tichoka naye."

Pakhomo panakhala mzungu wachikulire, magalasi akulendewera pachingwe. Amake Brave anatulutsa Chingerezi chawo cha pa mwambo, chija amasungira oyendera ntchito, n'kunena kuti abwera kudzatenga mwana wawo asanalumbire. Mzunguyo anamwetulira mwaulemu wa kumeneko, umene umakusiya usakudziwa ngati wakunyoza kapena ayi. Anafotokoza kuti gululi analitengera ku America. Limalandira ophunzira udokotala okhoza kwambiri, khumi okha pa zana lililonse. Lumbiro lake n'loti adzasamala odwala moona mtima, ndipo makandulowo n'chifukwa choti holoyo ndi yakale komanso zithunzi zimakongola. Amene walowa m'gululi, zipatala zikuluzikulu zimachita kumulimbirana. Makolo ngolandiridwa, bola aime kumbuyo.

Khumi pa zana. Amake Brave anawalawa mawuwo m'kamwa ngati shuga wa tsiku lomasula kusala.

Mkati munali matebulo aatali, mapulofesa ovala mikanjo ngati mabishopu, makolo achimwenye ndi achinaijeriya mafoni ali m'mwamba. Njoka ija inalinso pansalu yaikulu kutsogolo. Anaiyang'anitsitsa, n'kuona kuti ndi kanjoka kofatsa ndithu, koleredwa bwino. Mwila anayamba kunong'ona kuti iye mumzimu anaziona kale kuti ndi madalitso, kungoti sanafune kutsogolera Mulungu.

Amake Brave anamanga mabatani a chikhothi mpaka m'khosi kuti yunifolomu isaoneke. Mumtima munabaya pang'ono kuti mwanayo sanawaitane. Kapena anachita manyazi ndi mayi wonunkha mankhwala okolopera? Anamukhululukira pomwepo, ana anzeru sakonda kudzionetsa. Anaimirira ndi zala za kumapazi kufunafuna mutu wake pakati pa ophunzira amene ankandanda kutsogolo, koma mitu inali yambiri ndipo makandulo saunika patali. Kudikira kunawakanika. Anatulutsa foni, natsegula gulu la banja la ku Ntcheu, n'kujambula uthenga wa mawu: abale ayamike Mulungu, Dokotala walowa m'gulu la anthu khumi pa zana, azungu enieni atsala panja. Anautumiza, ndipo isanathe mphindi mayankho anayamba kugwa ngati matalala.

Bambo wina wa epuloni amene ankadutsa akukankha ngolo ya mbale anaima atamva Chichewa. Anati ndi Walter, wa ku Balaka, woyang'anira khitchini ya holoyo. Anafunsana za kumudzi monga timachitira tikakumana kunja, mwachikondi chimene kwathu komweko sitipatsana: mvula, misewu, ndani anamwalira, ndani anabwerera n'kukadandaula. Kenako Walter anafunsa chimene chawabweretsa.

"Ndine make Brave," anatero mayiwa, akuyang'ana kutsogolo kumene pulofesa anayamba kuitana mayina.

Walter anasiya ngolo, napukuta manja paepuloni, n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Mayi, munalera. Zaka ziwiri tsopano chisiyireni sukulu ya udokotala ija, koma kwa ine sanajombepo ngakhale shifiti imodzi. Ndikuitanireni, kapena ayambe wamaliza kutsuka mapoto?"